Masabata Awili a Disemba

Amai Nyendwa sankalankhula ndi Eustace Daka. Ankalankhula ndi chipupa cha mapulanga chimene chinagawa ofesi ya hotela yawo pawili, ndipo chipupacho chinkayankha kuti, "Inde amai."

Panalibe chidani. Eustace anakwatila Jennipher, mwana wawo wachiwili, ndipo ku Nyimba mu 1984 mkamwini woleledwa bwino sankayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sankadya nawo pamodzi, akakumana nawo panjila ankapatukila m'udzu ngati wagwetsamo kanthu. Za kuwatsutsa ndiye zosatchula n'komwe. Choncho mmisili atabwela kudzakonza ofesi anauzidwa kuti akhome mapulanga pakati, asiye mpata pamwamba wopitila mawu ndi kampata pansi kopitila mapepala. Mbali ina kunkakhala mwini hotela, amenenso anali wapampando wa azimai a Chipani m'wadi monse. Mbali inayo kunkakhala mkamwini ndi taipilaita yake, ndi dzina la udindo limene apongozi analimva ku Lusaka n'kulikonda: pesonelo ofisa, woyang'anila za antchito.

Hotelayo inali m'mbali mwa msewu waukulu, pamene mabasi a ku Lusaka ndi a ku Chipata ankaima kuti anthu awongole miyendo ndi kugula nthochi. Lelo pamalopo pali makontena atatu ogulitsilamo mafoni, ndipo okhalamo ukawafunsa za hotela amakuyang'ana ngati wadzuka kumanda. Koma masiku amenewo, sopo ndi mafuta zikusowa dziko lonse, kwa a Nyendwa tiyi sankamwedwa wopanda shuga, ndipo madalaivala onse ankadziwa zimenezo.

Antchito anali khumi ndi anayi. Chaka chilichonse pa 20 Disemba Eustace ankataipa makalata khumi ndi anayi onena kuti ntchito yatha. Pa 3 Januwale ankataipa ena khumi ndi anayi onena kuti anthu omwewo alembedwa ntchito mwatsopano. Pakati pa masiku awiliwo palibe amene ankapita kwawo, chifukwa nyengo ya Khilisimasi ndiyo inali ya mabasi odzaza mpaka pakhomo, ndipo moto wa m'khichini sunkazima. Nzelu imeneyi amai anaitola kwa mnzawo wina wa sitolo ku Chipata: wantchito amene pa pepala sanakwanitsepo chaka sangabwele kudzanena kuti ali ndi ufulu wakutiwakuti. Eustace ankataipa, kusaina, kuboola mapepala ndi kuwasunga m'fayilo. Mafayilo ankawakonda monga ena amakondela nkhunda.

Lolemba lina mu Ogasiti, mphepo ikuponya fumbi pa mawindo, mawu anadutsa pamwamba pa mapulanga.

"Atate a Hilary alipo?"

"Ndilipo amai."

"Consolata uja wa m'khichini. Chitenje chimene akumanga pamimba sichinganamize ine, ndabala asanu ndi awili. Mumlembele kalata. Lachisanu likhale tsiku lake lomaliza."

"Tilembe kuti chifukwa chake n'chiyani, amai?"

"Chifukwa chake chikuoneka ndi maso. Mufuna adzabalile pa mbale za alendo? Mulembe kuti ntchito yachepa."

"Inde amai."

Consolata Ng'uni anachokela ku Msanzala mu 1980, ndipo mpunga wake ndiwo unkaimitsa mabasi. Mwamuna wake, Amon, anakwela basi mu Epulo kukafuna ntchito ku migodi, ndipo chipitile sanalembe kalata. Consolata ankagona m'kachipinda ka antchito kuseli kwa hotela. Ntchito ikatha Lachisanu, ndiye kuti Lowelukalo analibe pogona, ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwili.

Eustace anaika pepala mu taipilaita koma zala zinakana. M'dilowa lake munali kabuku ka lamulo la ntchito kamene anagula yekha ku Lusaka, ndipo ankakadziwa ngati katekisimu. Zaka ziwili zapitazo boma linawonjezamo mawu akuti mkazi amene wagwila ntchito kwa bwana mmodzi zaka ziwili mosalekeza ayenela kupatsidwa masabata khumi ndi awili opumula pobala, malipilo ake osadulidwa, ndipo kumuchotsa chifukwa cha mimba ndi mlandu. Consolata anali atagwila zaka zinayi. Koma zaka zinayizo Eustace mwini anazidula nthulinthuli ndi makalata ake a Disemba.

Pa chakudya cha masana anayesa njila yokhayo imene mkamwini ali nayo.

"Amake Hilary, bwanji mukawauze amai kuti nkhani ya Consolata ingatibweletsele mlandu?"

Jennipher anaika sipuni pansi. "Ine? Pesonelo ofisa ndinu. Ine ndine mwana chabe. Amai aja amene amakonza ansembe ali pa guwa, amvele ine? Ndipo musaiwale, bambo, nyumba tikudyelamoyi malata ake anagula ndani."

Lachitatu Eustace anapempha chilolezo chopita ku Petauke kukagula liboni ya taipilaita. Silinali bodza lenileni, chifukwa zilembo zinali zitayamba kuzilala.

Ofesi ya leba inali kachipinda kuseli kwa maofesi a boma, muli tebulo limodzi, mipando iwili ndi kabati yosatsekeka. Kuseli kwa tebulo kunakhala munthu wamfupi wa suti ya safali, akusenda nshawa pa nyuzipepala. Anali a Stanislaus Chibwe, M'bemba wa ku Kasama. Boma la nthawiyo linkatenga munthu kumpoto n'kumuponya kum'mawa, wa kum'mawa n'kumuponya kumadzulo, kuti pasakhale wogwila ntchito pakati pa amalume ake. Chinyanja cha a Chibwe chinali cha pamsika, chopindika m'mbali, koma chosasowa mawu.

"Ndili ndi mnzanga," anayamba Eustace, "amene amagwila ntchito pa hotela ina."

"Ehe. Mnzanuyo nayenso ali ndi inki ku zala ngati inu? Khalani pansi, mukwai, munene nkhani yanu."

Eustace anafotokoza zonse, za Consolata ndi za makalata a Disemba. A Chibwe anamvetsela osaleka kusenda.

"Mungaimilile pamaso pa bwana wanu n'kunena kuti makalatawo ndi abodza?"

"Bwana wanga ndi apongozi anga."

"Aamuna kapena aakazi?"

"Aakazi."

A Chibwe anaimba mluzu. "Awe. Ndiye inu ngakhale duku lawo likupsa simungawauze."

"Ndingauze mkazi wanga kuti awauze."

"Podzafika mkaziyo, mutu wapsa. Tandiuzani, pansi pa makalata anasaina ndani?"

"Ine."

"Ndiye dziwani kuti nkhaniyi ikafika kukhoti, majisitileti adzayamba ndi inu. Apongozi adzati iwo sadziwa kutaipa. Pesonelo ofisa si taipilaita, a Daka. Ntchito yanu ndi kuuza bwana chimene lamulo likufuna, iye asanalakwe. Bwana amakulipilani kuti mumtchinjilize, ngakhale kwa iye mwini."

Eustace anayang'ana pansi. Zimenezo ankazidziwa. Chimene sankadziwa ndi kamwa yonenela.

A Chibwe anakulunga makoko m'nyuzipepala. "Pitani mukagule liboni yanu. Kuno simunabwele, ine sindikudziwani. Kalata ya mkaziyo mutaipe monga anakuuzilani, koma isachoke pa tebulo panu Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu."

Galimoto ya ofesi ya leba inali pa miyala chiyambile mvula, matayala atasowa. Choncho Lachisanu m'mawa a Chibwe anatsika m'basi ya ku Lusaka pamodzi ndi amai a madengu, chikwama chakuda kukhwapa. Eustace anawaona pa windo.

A Chibwe analowa m'chipinda chodyela muli anthu thothotho, n'kufuula.

"Odi kuno kwa akapolo anga! Mwini hotela ya mbewa ali kuti?"

Anthu anacheuka, ena akumwetulila kale. Abemba ndi anthu a kum'mawa ndi chimbuya: amanyozana pa ukwati, pa malilo, pa basi, ndipo amene wakwiya ndiye amachoka ndi manyazi. Amai Nyendwa anatuluka mu ofesi, manja m'chiuno.

"Ndani uyo akununkhitsa nyama ya pusi m'hotela mwanga? Atsikana, welengani masipuni, mwalowa M'bemba!"

"Masipuni anu opindikawo ndani angawabe? Ndabwela ndi boma, mbuya wanga." Anatulutsa kadi. "Leba ofisa. Tione mmene mumasungila antchito."

Amai sanaope. Leba ofisa anali atabwelako kale zaka zapitazo, wina wake, anamwa tiyi n'kupita. Anawatsogolela okha. A Chibwe anasuzumila m'zimbudzi za antchito, anatsegula bokosi la mankhwala n'kuwelenga mabandeji, anapisa chala m'ndowa ya mchenga wozimila moto, anafunsa zikalata za kuchipatala za onse ogwila chakudya. Zonse zinalipo, chifukwa zimenezo zinali m'manja mwa Eustace. Kenako anapempha mafayilo. Eustace anawapeleka ndi manja awili, maso pansi.

"Kalaliki wanuyu si wa kuno," anatelo a Chibwe osamuyang'ana n'komwe. "Mafayilo aukhondo chonchi? Munamuba kuti?"

Sanakhale mu ofesi. Anatenga mafayilo n'kukakhala pa tebulo la pakati m'chipinda chodyela, pafupi ndi dalaivala ndi kondakitala, naitanitsa tiyi. Eustace anaima pakhomo la ofesi, pamene ankatha kuona zonse osaonana maso ndi apongozi. A Chibwe anatembenuza mapepala pang'onopang'ono, akunyambita chala. Atafika pa makalata a Disemba anaomba m'manja n'kuseka mokweza.

"Tsopano ndamvetsa! Ndinkadabwa kuti bwanji anthu a kum'mawa simulemela. Tamvani, abale. Pa Khilisimasi, mabasi atadzaza, anthu ali ndi njala, mbuya wanga uyu amatseka hotela masabata awili, onse n'kupita kukakumba mbewa. Chaka ndi chaka! Ulesi wotele kwathu ku Kasama ngakhale galu angaukane."

Chipinda chonse chinaseka. Amai Nyendwa anayandikila, duku likugwedezeka.

"Hotela yanga ine? Kutseka? Chiyambile 1974 chitseko ichi sichinatsekedwepo tsiku limodzi! Tsiku limene tinaika malilo a amuna anga, tiyi anaphikidwa muno!"

"Nanga mapepala anuwa akuti antchito onse munawachotsa. Ankaphika ndani, mizimu?"

"Mapepala ndi mapepala! Consolata! Bwela kuno!"

Consolata anatuluka m'khichini akupukuta manja, nagwada patali.

"Muuze M'bemba uyu. Khilisimasi yathayi unali kuti?"

"M'khichini, amai."

"Dzinja linalo? Chaka chinacho?"

"M'khichini momwemo, amai. Ngakhale ku misa sindinapite."

"Zoona zimenezo," anatelo dalaivala, mkamwa muli buledi. "Ine ndinadya mpunga wake pa Bokosi Dei, tsiku lotsatila Khilisimasi."

Koma amai anali atatentha, ndipo mboni ziwili sizinawakwanile. Anapita ku khoma la kuseli kwa kauntala. Khilisimasi iliyonse ankaitana wojambula wa ku Petauke kudzajambula antchito onse atavala mayunifolomu kutsogolo kwa hotela, deti italembedwa ndi choko pa sileti. Anapachula zithunzi zitatu n'kuziika pa tebulo chimodzichimodzi, ngati makadi opambana.

"Welengani, ngati ku Kasama anakuphunzitsani kuwelenga. 25 Disemba 1981. 1982. 1983. Wagwila siletiyo ndani? Si Consolata yemweyu? Ulesi wake uli pati?"

A Chibwe anayang'ana zithunzi nthawi yaitali. Anatulutsa kabuku m'thumba, nalemba madeti atatu. Kuseka kunatha pankhope pawo, ndipo amai Nyendwa, amene sanali munthu wogona, anaona kabukuko n'kuzindikila kuti akodwa mu msampha. Eustace anaona dzanja lawo likupita pa zithunzi ngati likufuna kuzibweza, kenako n'kuima.

"Mwandigonjetsa, mbuya," anatelo a Chibwe mokweza, kuti onse amve. "Ndabweza mawu anga. Hotela iyi ndi ya anthu olimba. Tiyeni ku ofesi mukandisainile buku, basi ingandisiye."

Anthu anaomba m'manja, akuganiza kuti amai apambana. Eustace anathamangila mbali yake ya chipupa n'kukhala pansi. Mawu ankabwela pamwamba pa mapulanga, tsopano otsika.

"Amai Nyendwa, munthu amene sanachoke pa ntchito sanachotsedwe. Makalata awa ndi mapepala chabe, mwanena nokha pamaso pa anthu. Consolata ali ndi zaka zinayi pano, ndipo ndaona mmene akuyendela. Lamulo likuti masabata khumi ndi awili, malipilo onse, ndipo akabwela apeze ntchito yake. Mukamuchotsa, ndi mlandu."

"Masabata khumi ndi awili! Ine ndinabala asanu ndi awili, anandipatsa masabata ndani? Wachitatu ndinamubalila m'munda wa nshawa, mailo lake ndinali kuchitsime."

"Ndiye chifukwa chake lamuloli linalembedwa. Amai anga anabala khumi, anatsala anayi. Ndipo inu nomwe, pa misonkhano ya azimai, simuimba nyimbo zoyamika boma kuti lakumbukila amai?"

Kunja kondakitala ankaitana anthu.

"Anakutumani ndani?"

"Boma lomwe mumalivinila. Ndili ndi mahotela asanu ndi imodzi pa msewu uno, lelo inali nthawi yanu. Tsono lipoti ndingalilembe pawili. Ndingalembe kuti ndinapeza makalata abodza, nkhani ipite kukhoti, wapampando wa azimai akayankhe chifukwa chake amathamangitsa azimai apakati. Kapena ndilembe kuti mwini hotela anaona cholakwa m'mapepala n'kuchikonza yekha. Ine cholembela changa chimakonda lachiwilili. Ndi lalifupi."

Mpando unalila. Eustace anagwila m'mphepete mwa tebulo.

"Atate a Hilary."

"Amai."

"Kalata ya Lolemba ija munataipa?"

"Ndinataipa, amai."

"Ibwele."

Eustace anaikankhila pa kampata ka pansi. Anamva pepala likung'ambidwa, kawili.

"Mulembe ina. Mawu ake mufunse wakuba uyu. Ndipo za Disemba zija zithele pomwepa, onse mulembe madeti awo enieni." Kenako anawonjezela: "Liboni ya ku Petauke ikulemba bwino. Zilembo zakuda bii."

"Inde amai," anatelo Eustace. Anamva chitseko chikutseguka, ndi mawu a apongozi ali kale m'chipinda chodyela, akukalipila mtsikana wina za matebulo osapukuta.

A Chibwe anazungulila n'kuima pambuyo pa Eustace, akumuuza zolemba mzele ndi mzele. Atatha anasaina m'buku la oyendela, ndipo Eustace anawapelekeza ku msewu kukadikila basi yobwelela ku Petauke.

"Bambo, sindikudziwa kuti ndiyamike bwanji."

"Muyamike apongozi anu. Akanakhala munthu wopanda ulemu wa pa ntchito yake, akanati inde timatseka, ine n'kubwelela ndi manja. Ndinadalila kuti sangalole kutchedwa aulesi pamaso pa madalaivala."

"Akudziwa kuti ndinabwela kwa inu."

"Adziwe. Sangakufunseni, si mwambo wanu womwewo? Wakumangani zaka zonsezi, lelo uwamangeko iwo." Anaseka. "Koma a Daka, ine ndili ndekha, dela ndi lalikulu, galimoto ili pa miyala. Sindingabwele kudzatukwana bwana aliyense. Lamulo likasintha, mulembe pa pepala, mwaulemu, mukankhile pansi paja. Pepala silichita manyazi ndi apongozi."

Eustace anafuna kuwagulila phava la nthochi. A Chibwe anakana. Anati leba ofisa wonyamula nthochi za pa hotela imene wayendela ndiye kuti wagulidwa kale, ndiponso anthu angati M'bemba waba. Basi inabwela, anakwela, ndipo chaka chotsatila anawasamutsila ku Mansa. Ku Nyimba sanaonekenso. Palibe msewu wa dzina lawo, ndipo mabuku onena za zaka zimenezo amakamba za mizele ya ufa ndi za makadi a Chipani pa geti la msika, zimene zili zoona. Sakamba za anthu a suti zotuwa amene ankakwela basi ndi chikwama, kubweletsa lamulo mpaka m'khichini. Lelo malamulo a ntchito ndi ochuluka kuposa kale, osindikizidwa bwino, koma mkazi wogulitsa m'kontena akatenga mimba amangouzidwa kuti mailo asabwele.

Eustace anabwelela ku hotela, natenga kalata yatsopano, napita kuseli. Consolata anali atamanga kale katundu wake: chikwama cha malata, mphasa yopinda, ndi mapoto awili m'chitenje, zonse pakhomo pa kachipinda kake. Nkhani ya Lachisanu anali ataimva Lachiwili, poti m'hotela simubisika kanthu. Ataona envulopu anapukuta manja n'kutambasula onse awili.

"Ndamva kale, a Daka. Musavutike kuwelenga."

"Khalani pansi, amai Ng'uni. Iyi ndi ina."

Anakhala pa chikwama. Eustace anawelenga Chingelezi chake choyamba, monga ankachitila ndi kalata iliyonse, kenako anamasulila. Consolata anamvetsela maso ali pa pepala, ngakhale sankatha kuliwelenga.

"Bwelezani pa masabatapo."

"Khumi ndi awili."

"Osagwila ntchito?"

"Osagwila."

"Nanga chipinda?"

"Ndi chanu. Masulani katunduyu."

"Ndikabwela, m'khichini ndidzapeza wina?"

"Mudzapeza wogwilizila. Malo ndi anu, zalembedwa apa, ndipo a leba asainapo."

Consolata anaomba m'manja pang'onopang'ono, katatu, mutu uli pansi. Sananene kuti akuombela ndani, ndipo Eustace sanafunse.

"Chatsala chimodzi," anatelo Eustace. "Pafunika chikalata cha dokotala chonena mwezi wobala. Mubweletse kadi yanu ya ku sikelo, ndione."

"Ndilibe, bambo. Ku sikelo sindinapiteko n'kamodzi komwe. Pamzele paja pamakhala amai a Chipani, ndinkaopa kuti andiona akanena."

"Miyezi isanu ndi iwili osayezedwa?"

"Ndinkangopemphela."

Eustace anapinda kalata n'kuiika m'manja mwake. "Lolemba mupite ku chipatala. M'mawa wonse ndi wanu, ndilemba ine m'buku. Muime patsogolo penipeni, aliyense akuoneni."

Ku msewu kunamveka lipenga la basi ya ku Chipata. Consolata anapisa kalata m'bulauzi, nagwila khomo kuti adzuke.

"Tiyeni ndikaone mpunga," anatelo. "Atsikana aja ndikawasiya okha amauphika ngati phala."